Chifukwa chake oonera amasiyana maganizo pa mafilimu olankhula Chinyanja

Mafilimu awiri amene anatchuka kunja kwa Africa, I Am Not a Witch ya 2017 ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ali ndi chinthu chimodzi chofanana. M'mafilimu onse awiriwa mumamveka Chinyanja, chimene ku Malawi chimatchedwa Chichewa.

Koma chimene chimakondweretsa woonera wa ku Ulaya sichilingana nthawi zonse ndi chimene mwini chinenero amayang'ana. Wakunja amawerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Wa ku Chongwe, ku Chipata kapena ku Kasungu amatchera khutu, ndipo akamva liwu lopotoka, nkhani yonse imayamba kumukayikitsa.

Kulemekeza mawu a anthu monga momwe eni ake amawatchulira si nkhani yatsopano ku Kasisi, m'boma la Chongwe, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 1905 ndi Bambo Jules Torrend, wansembe wa chipani cha Ajezuiti wochokera ku France, amenenso anali katswiri wa zinenero. Mu 1921 iwo anatulutsa buku la nthano, zambiri za Alenje ndi Atonga, lotchedwa Specimens of Bantu Folk-lore from Northern Rhodesia. Potolera nthanozo anagwiritsa ntchito makina ojambulira mawu otchedwa phonograph, ndipo anazisindikiza m'zinenero za eni ake pamodzi ndi Chingerezi. Nthano yakumudzi ili ndi nyimbo imene wokamba amatsogolera, omvera n'kumavomera, choncho kukoma kwake kuli m'kamvekedwe.

Wailesi inapitiriza mwambo womwewo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, a Julius Chongo anali kusangalatsa omvera a Radio Zambia ndi pulogalamu ya Poceza M'madzulo, m'mene munthu mmodzi anali kusinthasintha mawu, kukhala nkhalamba, mwana, mfumu kapena nyama. Omvera amene analeredwa ndi mapulogalamu otere anazolowera kuweruza sewero ndi khutu, ndipo chizolowezi chimenechi amapita nacho pa kanema.

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind inachokera m'buku limene a William Kamkwamba analemba ndi a Bryan Mealer mu 2009. Bukulo limafotokoza za mnyamata wa kwa Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe ndalama zolipirira. Atawerenga mabuku a sayansi m'laibulale, anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga ya atate ake.

A Chiwetel Ejiofor a ku Britain, amene anatsogolera filimuyi ndi kusewera ngati atate a William, anasankha kuijambula ku Malawi komweko ndi kulola kuti mbali yaikulu ilankhulidwe m'Chichewa. Ambiri anayamikira chisankhochi. Koma Amalawi ena anadandaula kuti osewera ochokera kunja, monga a Ejiofor eniakewo ndi mayi Aïssa Maïga a ku France, anali kutchula mawu movuta kumva. M'chinenerochi, kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo: mawu akuti mtengo akhoza kutanthauza chomera kapena ndalama zogulira chinthu. Munthu wophunzira chinenero kwa nthawi yochepa amapunthwa pamenepa.

Amene anawerenga bukulo amaonanso kusiyana kwina. M'buku, makina oyamba aja anayatsa magetsi m'nyumba, ndipo za kupopa madzi zinabwera pambuyo pake. M'filimu, makinawo akupopa madzi othirira munda ndi kupulumutsa mudzi ku njala. Opanga filimu amafupikitsa zochitika motere kuti nkhani ithe m'maola awiri, koma wowerenga ali ndi ufulu wonena kuti chinachake chinatayika.

Ngakhale zili choncho, nkhaniyi imakhudza mlimi wa ku Zambia. Mu February 2024, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinaumitsa chimanga m'zigawo zambiri ndi tsoka la dziko lonse, ndipo kuchepa kwa madzi ku Kariba kunachititsa kuti magetsi azizima kwa maola ambiri. Ku Kasisi, kumene Ajezuiti akhala akuphunzitsa alimi ang'onoang'ono pa Kasisi Agricultural Training Centre kuyambira m'zaka za m'ma 1970, vuto la munda wouma silifuna womasulira.

Filimu ya I Am Not a Witch imadzutsa funso la mtundu wina. Anaitsogolera ndi mayi Rungano Nyoni, amene anabadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales. Inajambulidwa m'Zambia ndi osewera a kuno, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA. Imakamba za kamtsikana kotchedwa Shula, kamene kakunamiziridwa ufiti n'kutumizidwa kumsasa wa amayi okalamba omangidwa ndi nsalu zazitali zoyera kuti asauluke. Mkulu wa boma, Bambo Banda, akugwiritsa ntchito mwanayo popezera ndalama.

Pano katchulidwe si vuto. Chimene chimamveka ndi Chinyanja cha ku Lusaka, chosakanikirana ndi Chingerezi, pamodzi ndi Chibemba ndi Chitonga, monga momwe anthu amalankhulira pamsika. Okonda Chinyanja cha m'mabuku angachione ngati chosokonekera, pamene ena amamva mawu a tsiku ndi tsiku.

Funso lalikulu ndi la zoona ndi zopeka. Nsalu zija ndi fanizo limene mayi Nyoni anapeka, ndipo pokonzekera filimuyi anakakhala kwa kanthawi pamsasa wa amayi onamiziridwa ufiti ku Ghana. Woonera wakunja akhoza kuganiza kuti zonse akuziona zimachitikadi m'Zambia. Koma chimene fanizolo likuloza n'choona: okalamba, makamaka amayi, amanamiziridwa ufiti, ena amathamangitsidwa m'midzi, ena amaphedwa. Lamulo la Witchcraft Act, limene linakhazikitsidwa mu 1914, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Motero anthu awiri akatsutsana za filimu, kawirikawiri amakhala akuyankha mafunso osiyana. Wina akufunsa ngati mawu amveka ngati a kwawo. Wina akufunsa ngati zochitikazo n'zoona. Wachitatu akufunsa ngati nkhaniyo yamukhudza mtima. Filimu ikhoza kulephera pa funso loyamba n'kupambana pa lachitatu.

Maganizo a oonera ali ndi mphamvu chifukwa masewero a m'zinenero za kuno ali ndi msika. Sewero la Kabanana linakopa anthu pa ZNBC m'zaka za m'ma 2000, ndipo Mpali, nkhani ya mlimi wamitala, inayamba pa Zambezi Magic mu 2018. Mu 2024 mayi Nyoni analandira mphoto ya wotsogolera filimu pa chikondwerero cha ku Cannes chifukwa cha On Becoming a Guinea Fowl, imene mbali yaikulu ili m'Chibemba. Oweruza a ku Cannes angayese zithunzi ndi luso la osewera, koma za kamvekedwe ka chinenero amene anganene ndi eni ake.