Mlatho wa 1883 Wakhala Pansi Kuti Aujambule Bwino

Ku Minneapolis, m'boma la Minnesota m'dziko la America, kuli mlatho wa miyala wotchedwa Stone Arch Bridge. James J. Hill anaumanga mu 1883 kuti sitima zake ziziwoloka mtsinje wa Mississippi, ndipo ndi wotalika mamita 640. Sitimazo zinasiya kudutsapo kalekale, lero ndi wa oyenda pansi ndi apanjinga. Koma mwala ukakalamba umang'aluka, matope omatira miyala amagumuka, ndiye pamafunika munthu wokaona zonsezo.

Kale ntchito yoyendera milatho inali yokhetsa thukuta. Injiniya ankadzimanga chingwe n'kulendewera pamwamba pa madzi, kamera ili m'khosi, kabuku kali m'thumba. Pa milatho ya galimoto ankabweretsa chilole cha mkono wautali wopindika, n'kutseka mbali ina ya msewu, madalaivala akutukwana pa mzere. Mutu weniweni unkadwala pobwerera ku ofesi. Zithunzi mbwee pa kompyuta, koma zonse ndi miyala yofanana! Mng'alu uwu uli pa chipilala chiti? Nanga chaka chatha unali waukulu chonchi? Aliyense ankangokanda kumutu.

Nthambi ya zamtengatenga ya boma la Minnesota itayamba kuyesa tindege ta drone mu 2015, zinthu zinapepukako. Komabe woulutsa akamajambula mongoyerekeza ndi maso, apa amajambula kasanu, apo n'kudumphapo osadziwa. Kunsi kwa mlatho nako GPS imasokonekera.

Tsopano onani mmene zasinthira. Kandege kamayamba kazungulira mlatho mwachidule, ndipo kompyuta imaumba chifanizo chake cha 3D, chimene munthu angachitembenuze uku ndi uku pa sikirini. Pa chifanizo chimenechi m'pamene amakonzera ulendo wonse wojambula: kamera iime apa, italikire khoma motere, apa iyang'ane chokweza, apa iyang'ane chammbali. Chithunzi chilichonse chimakwera pa chinzake ngati malata padenga, ndipo gawo lalikulu la zimene chithunzi chimodzi chagwira limaonekanso pa chotsatira, kuti kompyuta ithe kuzilumikiza. Malo amene palibe chithunzi chowafikira amaonekeratu kandege kasananyamukenso. Ngakhale mabatire ofunika tsikulo amawerengeratu. Mu 2021 kampani ya Skydio inatulutsa pulogalamu yotchedwa 3D Scan, imene imachititsa kandege kuumba chifanizo kali m'mwamba momwemo, n'kudzikonzera kokha njira. Woulutsa amangolemba malire n'kumayang'anira.

Pa Stone Arch Bridge, mainjiniya a kampani ya Collins Engineers anajambula zithunzi zoposa 13,000 ndi tindege, n'kupanga chifanizo cha mlatho wonse. Mwala uliwonse unapeza malo ake. Wina akanena kuti pali mwala wong'aluka, sakutambasulanso manja pofotokoza, akungoloza pa sikirini, anzake n'kuyeza mng'aluwo ali pa mpando. Amene amadziwa chisanu cha ku Minnesota, kumene madzi amauma gwaa m'nyengo yozizira, angamvetse chimwemwe cha munthu amene wauzidwa kuti lero ayendera mlatho ali m'chipinda chofunda. Ntchito yaikulu yokonza mlathowu inayamba mu 2024.

Kwa ine chokoma koposa ndi ichi: ulendo wokonzedwa pa chifanizo umasungika. Ikadzakwananso nthawi yoyendera, kandege kadzaima pomwe kanaima, kamera idzayang'ana momwe inayang'anira, ndipo zithunzi ziwirizo zikadzaikidwa pamodzi, mng'alu umene wakula sudzakhala n'pobisala.

Nyundo yokha ndiyo sinapume. Kamera siimva kulira kwa mwala womasuka, choncho injiniya amatsikabe ndi chingwe kukagogoda. Koma masiku ano amatsika atadziwiratu kuti akupita pa chipilala chakuti, mzere wakuti, ndipo akamaliza amakwera nthawi ya nkhomaliro isanakwane.