Kodi mumadziwa? Za ndege za pazilumba

Kodi mumadziwa kuti pali ulendo wa pandege umene umatha madzi a tiyi asanawire? Uli ku Scotland, pakati pa zilumba za Westray ndi Papa Westray. Mtunda wake ndi makilomita 2.7 basi, ndipo ndege imakhala m'mwamba pafupifupi mphindi imodzi ndi theka. Tsiku lina mphepo itawomba bwino, inatera patatha masekondi 53 okha! Kampani ya Loganair yakhala ikuyendetsa ulendowu kuyambira 1967, pa kandege konyamula anthu 8. Okwera ake ambiri ndi aphunzitsi, ana asukulu ndi azachipatala, chifukwa nyanja ya kumeneko ikakalipa boti limachedwa.

Chakuno kwathu, kuchoka ku Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, kupita ku Pemba ndi pafupifupi theka la ola. Mauritius ndi Réunion zatalikirana makilomita oposa 200, ulendo wa mphindi ngati 45.

Nanga ife? Chilumba chokhala ndi bwalo la ndege m'Malawi muno ndi Likoma. Chizumulu, mnzake wapafupi, alibe, choncho ulendo wa pandege wochoka pachilumba kukatera pachilumba china kuno kulibe. Ndege zing'onozing'ono zochoka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe zimafika pa Likoma patatha pafupifupi ola limodzi, mtunda wa makilomita ngati 220. Amene wakwera sitima ya Ilala ku Monkey Bay amagona m'njira, n'kufika mawa lake. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ikafika pa Likoma, kwa zaka zambirimbiri anthu ankatsikira m'maboti ang'onoang'ono, matumba a chimanga pamutu, ana kumsana, madzi akufika m'mawondo. Kodi mumadziwanso kuti Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique?

Wa ku Phalombe anganene kuti izi n'za kutali. Komatu boma limeneli lakhudza nyanja ya Chilwa, ndipo mtsinje wa Phalombe umathira m'menemo. Pa nyanjayo pali chilumba cha Chisi, cha m'boma la Zomba, chimene anthu amapitako pa bwato kuchokera pa doko la Kachulu. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi wosazama, ndipo anaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Madzi akachepa bwato limatitimira m'matope, ulendo waufupi n'kusanduka wa tsiku lonse, kaya mwanyamula matemba kaya mayi woyembekezera.

Ndipo m'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula milatho ndi misewu, dera la Nkhulambe linasanduka chilumba cha pamtunda. Chakudya ndi mankhwala zinkafika pa helikopita. Bwalo lalikulu lapafupi ndi la Chileka ku Blantyre, ndipo pamene galimoto sinkadutsa n'komwe, ndege yotere inkangotenga mphindi zowerengeka.

N'chifukwa chake ine ndimati ndege yaing'ono si ya alendo odzaona nyanja okha ayi. A khonsolo ya Phalombe ndi mafumu, konzani malo osalala oti helikopita izitera pafupi ndi zipatala za kumidzi, mvula ina isanabwere.