Wosunga Wodwala Sangati "Sindinadziwe"

Ife amene ntchito yathu ndi yoima m'bwalo la milandu, kumvetsera madandaulo a anthu ochokera ku Kapiri, ku Mkanda ndi ku Kamwendo, tawamva kawirikawiri mawu amene munthu wogona ndi mkazi wodwala misala amathamangira kudzitchinjiriza nawo, akuti, "Iyeyo sanakane." Kwa akumva a pakhonde mawuwo amaoneka olemera, pamaso pa woweruza alibe mphamvu konse.

Chigawo 139 cha Penal Code, buku la milandu limene tinalilandira dziko lino likutchedwa Nyasaland, sichifunsa ngati mkaziyo anavomera, pakuti kugwedeza mutu kwa munthu amene nzeru zake sizingathe kuyesa chabwino ndi choipa sikuwerengedwa chivomerezo. Chimene chigawocho chifuna kudziwa n'chimodzi, ndicho ngati mwamunayo anadziwa kuti mkaziyo ngwodwala. Ndipo kukapezeka kuti panali kukakamiza, mlanduwo usanduka wogwirira, umene chilango chake chikhoza kukhala ndende ya moyo wonse.

Apa ndipo pagwera wosamalira. Mlendo wodutsa pamsika akhoza kuyesa kunena kuti sanazindikire. Koma malume amene amamukweza wodwalayo panjinga mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala kuchipatala cha boma, nasunga buku lake la kuchipatala pansi pa mtsamiro, kapena mlamu womugawira nsima, kapena sing'anga amene abale anamusiyira wodwalayo pakachisi pake kuti amuchize, adzakana bwanji chimene manja ake omwe achitira umboni? Chifundo chimene anali kutamandidwa nacho m'mudzi ndicho chimene chimumanga.

Chovuta chathu, kunena zoona, si lamulo ayi, koma kuti nkhani zotere zimatipeza mochedwa. Wolakwayo nthawi zambiri ndiye wodyetsa khomo, motero abale amanong'onezana, napita nayo nkhani kwa anyakwawa kuti ithe ndi mbuzi, ngakhale kuti bwalo la mfumu lilibe ulamuliro pa mlandu wotere; ndipo pofika tsiku limene mimba iwululira zonse, mwini mlandu ali kale ku Chipata m'dziko la Zambia, atawoloka pa Mwami kapena podzera njira za m'thengo. Asadzinyenge wotereyo, popeza mlandu suola, ndipo malamulo a Zambia, amene anabadwa m'mimba imodzi ndi athu, ali nacho chigawo cha nambala yomweyo choletsa tchimo lomwelo.

Tsono mayi amene mwaona mwana wanu akunjenjemera pomva mtswatswa wa munthu wina wake, musadikire kuti alongosole bwino, pakuti mwina sadzatha. Musamusambitse, musachape chitenje chake. Pitani naye kwa a Victim Support Unit kupolisi ndi kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV sathandiza nthawiyo ikapitirira, ndipo kalata ya dokotala ndiyo idzamulankhulira m'bwalo.