Magolovesi a osambira m'madzi ozizira: mtengo wake uli pa kukhuthala ndi misoko

Wamalonda akamasula belo la kaunjika la zovala zamasewera, nthawi zina amapezamo magolovesi akuda, ofewa ngati siponji, olembedwa 3mm, 5mm kapena 7mm. N'kosavuta kuwaponya pa mulu wa magolovesi a njinga yamoto n'kuwagulitsa motaya. Komatu amenewa ndi magolovesi a anthu osambira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya, ndipo ali ndi msika wawowawo.

Magolovesiwa amapangidwa ndi labala yotchedwa neoprene, yomwe ili ndi timathovu ta mpweya tambirimbiri. Timathovuti ndi timene timasunga kutentha. Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo zala ndi zimene zimayamba kuchita dzanzi. Wosambira amene zala zake zauma amalephera kutabwanya batani lolowetsa mpweya mu jekete yake kapena kumasula lamba wa zitsulo zomulemeretsa. Pansi pa nyanja zimenezi zikhoza kutengetsa moyo.

Choyamba wamalonda adziwe komwe kuli makasitomala. Madzi a nyanja ya Malawi ndi ofunda, pamwamba pake amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29, choncho ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay magolovesi a 7mm angogonera pa benchi. Msika wa okhuthala uli kumadzi ozizira, monga ku Britain ndi ku Cape Town. Mbali ya Atlantic ya mzindawu madzi amatsika kufika madigiri 10 chifukwa cha mafunde ozizira a Benguela. Amalawi ochita geni kumeneko ndi amene angapindule nawo kwambiri, pakuti magolovesi amatha msanga kuposa suti yosambirira ndipo osambira amagula ena kawirikawiri.

Nambala yolembedwa pa golovesi ndi kukhuthala kwa labala m'mamilimita. A 3mm ndi a madzi ozizira pang'ono, a 5mm ndi a madzi ozizira ndithu, pamene a 7mm ndi a madzi oyandikira kuundana. Okhuthala kwambiri ena amakhala ndi zala zitatu zokha: chala chachikulu, cha mkombaphala, ndi thumba limodzi la zotsalazo. Wamalonda asawayese olakwika. Zala zikakhala pamodzi zimafunditsana, ngakhale kuti kugwira tinthu ting'onoting'ono kumavuta.

Pa magolovesi ogwiritsidwapo kale ntchito, nambalayo siyokwanira. Wosambira akatsika mamita 10, mphamvu yomupanikiza imawirikiza kawiri, ndipo timathovu tija timaphwanyika pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse. Golovesi yakale yolembedwa 5mm ikhoza kufunditsa ngati ya 3mm. Woipikula aitsine ndi zala: yabwino imabwerera msanga, yotha imakhala yophwatalala, youma kapena yong'aluka. Ayang'anenso nsonga za zala ndi pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, pomwe pamayamba kubooka.

Misoko nayo imakweza kapena kugwetsa mtengo. Magolovesi a madzi ozizira amamatidwa ndi guluu kenako n'kusokedwa mwakuti singano siboola mpaka kuseri. Ulusi ukamaoneka mbali zonse ziwiri, madzi amalowa pa mabowo a singano. Kuyesa kwake n'kophweka: kuthira madzi m'kati n'kuona pomwe akudontha.

Kasitomala apatsidwe mpata woyesa manja onse awiri. Golovesi yothina imatseka magazi ndipo zala zimazizira msanga. Yokhwepa imalola madzi ozizira kulowa ndi kutuluka. Yomukwana imafika kunsonga za zala popanda malo otsala, imagwira bwino pamkono, ndipo munthu amatha kufumbata chibakera mosavutika.

Palinso magolovesi a labala yosalala okhala ndi mkombero wa pulasitiki pamkono. Amenewa amalumikizidwa ku suti yosalowa madzi, ndipo mikombero ya makampani osiyana kawirikawiri sigwirizana. Wamalonda asaikepo mpamba wake pokhapokha kasitomala atanena mtundu wa suti yake.

Posunga, magolovesi atsukidwe ndi madzi opanda mchere n'kuumitsidwa pamthunzi. Kuwayala padzuwa tsiku lonse monga zikhalira ndi kaunjika wina kumaumitsa labala, ndipo katundu amatsika mtengo asanapeze womugula.