Musalande foni musanaone zomwe mwana akuchita

Inu makolo, kodi kwanu kuli mwana yemwe amangokhala maso ali pa kompyuta kapena foni, osamva ngakhale mukamuitanira nsima? M'mabanja ambiri nkhani imeneyi yayambanitsapo bambo ndi mayi: wina akuti timulande, wina akuti musiyeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwakhala naye pansi muone zomwe akuchita, chifukwa ena mwa anawa akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ntchito yomwe ikudyetsa mabanja ambiri lero.

Chosangalatsa n'chakuti zida zambiri zophunzirira ntchitoyi zili pa intaneti mwaulere.

Ngati mwana ndi wamng'ono, pali Scratch, yomwe idatulutsidwa m'chaka cha 2007 ndi akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Adaikonzera ana a zaka 8 mpaka 16. Mwana amalumikiza timabokosi ta malamulo ngati akumanga njerwa, mpaka kupanga kagemu kakekake. Mukaiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, choncho bandulo siithera pamenepo.

Wa ku sekondale angayambe Python, chiyankhulo cha kompyuta chomwe Guido van Rossum wa ku Netherlands adatulutsa mu 1991. Malamulo ake ndi aafupi komanso osavuta kuwerenga. Maphunziro aulere angawapeze pa freeCodeCamp, yomwe idayamba mu 2014, kapena CS50, kosi ya ku Harvard yomwe aliyense angaitsatire osalipira. Za satifiketi zokha n'zimene nthawi zina zimafuna ndalama.

Musadere zinthu zaulere. Mu 1991 momwemo, Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 yemwe amaphunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, adaika pa intaneti pulogalamu yomwe amaipanga mongosangalatsidwa nayo. Imeneyo ndiyo Linux. Ngati foni yanu ndi ya Android, dziwani kuti mtima wake ndi Linux yomweyo.

Nanga mudziwa bwanji kuti mwana akuphunziradi? Simukusowa kudziwa kompyuta ayi. Muuzeni kuti, "Tandionetsa chomwe wapanga sabata ino." Wophunzira amakhala ndi choonetsa, ngakhale kakhale kapulogalamu kowerengetsera ndalama za pa okala ya amayi. Wamkulupo angakuonetseni tsamba lake pa GitHub, pomwe olemba mapulogalamu amasungapo ntchito zawo, ndipo olemba anthu ntchito ena amasuzumirapo. Koma yemwe wangoonera mavidiyo tsiku lonse amangokanda m'mutu.

Chenjezo nali: wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti mwana alembetse Scratch kapena freeCodeCamp, ameneyo ndi tambwali.

Pomaliza, bambo ndi mayi gwirizanani chimodzi. Ikani nthawi ya homuweki, ya ntchito za pakhomo ndi ya kompyuta, ndipo kompyutayo ikhale pabalaza osati kuchipinda. Masamu ndi Chingerezi asazitaye, pakuti ntchitoyi imayenda ndi ziwirizi. Paja kuongola mtengo m'poyamba.