Taekwondo si ndewu ya m'filimu

Achinyamata anzathu, tonse timawaona anyamata akutuluka koonera mafilimu pano pa Chezi, n'kuyamba kuponyerana mateche m'mbali mwa msewu wa ku Salima, aliyense akudzitcha Jet Li. Ena amati akusewera karate, ena amati taekwondo. Koma taekwondo yeniyeni ili ndi malamulo ake, oyimbira ake ndi mabungwe ake, ndipo teche loponyedwa mwachisawawa likhoza kukuluzitsa mpikisano.

Masewerowa anachokera ku Korea. Dzina lake limatanthauza njira ya phazi ndi chibakera. Mabungwe akuluakulu alipo awiri. La ITF linayambitsidwa ndi Choi Hong Hi m'chaka cha 1966. Linalo linayamba mu 1973 ku Seoul, ndipo kuyambira 2017 limatchedwa World Taekwondo. Ili ndilo limayendetsa taekwondo ya ku Olympics, kumene anayamba kupikisanirana mendulo zowerengedwa mu 2000 ku Sydney. Kuno kwathu kuli bungwe la Taekwondo Association of Malawi.

Kodi mpikisano umayenda bwanji? Titenge wa ku Paris mu 2024. Anthu awiri amakumana ndime zosapitirira zitatu, iliyonse ya mphindi ziwiri, ndipo wopambana ndime ziwiri ndiye watenga. Chibakera cha pachifuwa chinali pointi imodzi yokha. Teche la pachifuwa linali mapointi awiri, la kumutu atatu, ndipo la kumutu loponya mozungulira thupi linali asanu. Ukamenya mnzako chibakera kumaso, ukagwa pansi kapena ukatuluka m'bwalo, pointi imapita kwa iyeyo. Chovala cha pachifuwa, chipewa ndi sokosi zimakhala ndi tizipangizo tamagetsi towerenga mateche, kotero zokangana kuti "ndakumenya ine" zimachepa. Kuwonjezera apo amavala zotchinga mano, mikono, miyendo ndi kumaliseche.

Chinanso, amapikisana potengera sikelo. Ku Olympics mnyamata wosapitirira makilogalamu 58 sakumana ndi chimphona cha makilogalamu 90. Kumsewu kuno zimenezi palibe: wamkulu amangoponda wamng'ono, chipewa mulibe, pansi pali miyala. Munthu akamenyedwa kumutu n'kuyamba kusanza, chizungulire kapena kuiwala zomwe zachitika, musamuthire madzi n'kumubwezera m'bwalo ayi. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale iye akunena kuti ali bwino.

Mwina mukuganiza kuti awa ndi masewero a anthu a ku Asia okha. Ayi ndithu. Dziko la Gabon linapeza mendulo yake yoyamba ya Olympics kudzera mu taekwondo, pamene Anthony Obame anatenga ya siliva ku London mu 2012. Koma nkhani yomwe ife imatisangalatsa kwambiri ndi ya Cheick Sallah Cissé wa ku Ivory Coast. Ku Rio mu 2016, pa ndime yomaliza yolimbirana golide, anali akutsalira kwa Lutalo Muhammad wa ku Britain nthawi itatsala pang'ono kutha. Pa sekondi yomaliza anazungulira n'kuponya teche la kumutu, n'kupambana 8-6. Muhammad analira misozi pamaso pa atolankhani. Iyo inali golide yoyamba m'mbiri ya Ivory Coast. Tsiku lomwelo mtsikana wa dziko lomwelo, Ruth Gbagbi, anatenga mendulo ya bronze. Ife a Malawi, mpaka masewero a 2024, tinali tisanapezeko mendulo ya Olympics pa masewero alionse. Dzina lomwe lamveka kwambiri kwathu pa taekwondo ndi la Yamikani Guba, M'malawi amene analowa usilikali ku Britain ndipo wapata mendulo zambiri m'mipikisano ya kunja.

Atsikana, musati nkhaniyi si yanu. Ku Epworth, kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, Natsiraishe Maritsa anayamba taekwondo ali mwana. Asanakwanitse zaka 18 anayamba kusonkhanitsa atsikana anzake pabwalo la fumbi pakhomo pa makolo ake, ena mwa iwo okwatiwa kale ndiponso a mwana kumsana. Akatha kuphunzira mateche amakhala pansi n'kumakambirana za maukwati a ana, ndipo amene analowamo amafotokoza okha zomwe anakumana nazo. Ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya International Olympic Committee ya amayi pa masewero, ya chigawo cha Africa, ya chaka cha 2021. Analibe holo, analibe zovala zamagetsi zija.

Kalabu yomwe ikufuna kuyamba isathamangire kumenyana. Funsani kaye ku ofesi ya achinyamata ndi masewero ku Dowa boma, kapena ku Malawi National Council of Sports, kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi wodziwika ku bungwe. Akabwera, mufunseni kuti lamba wake wakuda anamupatsa ndani, ndipo muone chiphaso chake. Cha World Taekwondo chimachokera ku Kukkiwon, likulu lomwe linatsegulidwa ku Seoul mu 1972.