Momwe Tyler1 adakwerera pa tchesi ndi kayambidwe ka 'ng'ombe'

Pamene Tyler Steinkamp wa ku America adalowa mumpikisano wa tchesi wa PogChamps 5 m'chaka cha 2023, anali mlendo weniweni pamasewerowa. Mkuluyu, yemwe amadziwika kwambiri ndi dzina loti Tyler1, adatchuka chifukwa choonetsa pa Twitch masewero a pakompyuta a League of Legends. PogChamps ndi mpikisano umene Chess.com imakonzera anthu otchuka a paintaneti omwe sali akatswiri pa tchesi.

Nthawi imeneyo Steinkamp anali ndi mapointi pafupifupi 200 pa Chess.com, mlingo wa munthu amene wangodziwa kumene kayendedwe ka zoseweretsa. Pofika pakati pa chaka cha 2024, n'kuti atapitirira mapointi 1900 pamasewero a mphindi khumi mbali iliyonse. Ambiri amasewera zaka zochuluka osafikapo pamenepo.

Mapointiwa ndiwo muyeso wa mphamvu za wosewera. Munthu akapambana amawonjezeredwa, akagonja amachotseredwa, ndipo kugonjetsa mnzake wa mapointi ambiri kumapindulitsa koposa kugonjetsa wofooka. Motero palibe amene angakwere chifukwa chongochulukitsa masewero ngati sakupambana.

Chomwe chidadabwitsa otsatira tchesi ndi kayambidwe kake. Aphunzitsi amalangiza kuti wosewera ayambe ndi kulanda pakati pa bolodi, popeza zoseweretsa zikakhala pamenepo zimatha kuyenda mbali zonse. Steinkamp adasankha kayambidwe kotchedwa ng'ombe, kamene adakayambitsa mu 2023 ndi Anna Cramling wa ku Sweden, mwana wa akatswiri awiri, Pia Cramling ndi Juan Manuel Bellón López. Pakayambidweka, asilikali awiri a kutsogolo kwa mfumu ndi mfumukazi amasuntha sitepe imodzi yokha. Kenako akavalo awiri amalowa kumbuyo kwa asilikaliwo, n'kudumphira m'mbali, wina kumanja wina kumanzere, ngati nyanga. Zonsezi zimadya mayendedwe asanu ndi limodzi, ndipo mdani amakhala atatenga kale pakati ponse.

Komabe kayambidweka kali ndi phindu kwa wophunzira. Kamagwira ntchito kaya munthu akusewera ndi zoyera kapena zakuda, ndipo kawirikawiri mdani sangakalepheretse. Choncho Steinkamp sankataya nthawi kuloweza mayambidwe ambirimbiri a m'mabuku. Masewero ake ankayamba mofanana, mpaka adazolowera misampha ndi mipata yopezeka m'kaimidwe kameneko kuposa adani ake, omwe ambiri ankakumana nako koyamba.

Mphamvu zake zenizeni zinkaonekera pakati pa masewero. Steinkamp adasewera magemu zikwizikwi, nthawi zina maola ochuluka patsiku limodzi, komanso adamasula mafunso a tchesi zikwi zambiri. M'mafunsowa munthu amapatsidwa kaimidwe ka zoseweretsa kuti apeze mayendedwe opambanira. Ntchito yotereyi imanola maso kuti aziona msanga pamene kavalo angaopseze zinthu ziwiri nthawi imodzi, kapena pamene mfumu yatsala yopanda chitetezo. Pakati pa anthu omwe sali akatswiri, masewero ambiri satha chifukwa cha nzeru za poyambira. Amatha chifukwa wina wasiya chinthu chake poyera kapena nthawi yamuthera, ndipo wopambana amakhala amene walakwitsa pang'ono.

Khama lotereli si lachilendo kwa iye. Mu 2022 adakwanitsa kufika mugulu lapamwamba la Challenger pamaudindo onse asanu a League of Legends, zomwe zidamutengera zaka zobwereza masewero amodzimodzi.

Ngakhale zili choncho, mapointi a pa Chess.com si ofanana ndi a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, omwe munthu amapeza makamaka m'mipikisano ya maso ndi maso. Kuti wosewera apatsidwe ulemu wa grandmaster, ayenera kufika mapointi 2500 a FIDE, ndipo Magnus Carlsen wa ku Norway adafikapo 2882 mu 2014. Pamlingo umenewo adani salakwitsa wamba, ndipo wowapatsa pakati pa bolodi amapanikizidwa mpaka kusowa poyenda. Kwa wophunzira, nkhani ya Steinkamp ikuonetsa kuti kayambidwe kamodzi kodziwika bwino ndi maso ozolowera misampha zingamufikitse patali. Wofuna kupitirira pamenepo sangathawe kuphunzira mayambidwe olimba ndi kamalizidwe ka masewero.